Gasi wa eyakoni ya galimoto satha, amathawa

Mwezi wa Okutobala ukafika kuno ku Kasungu, dzuwa likayamba kuswa mtengo ndipo phula la msewu wa M1 likamaoneka ngati lathiridwa madzi chifukwa cha kutentha, amakaniko a m'magalaja a m'tauni muno amalandira pempho limodzimodzi tsiku ndi tsiku: "Achimwene, eyakoni yasiya kuzizira, gasi watha, mundithirireko wina." Mawu akuti gasi watha ndi amene ndikufuna tiyambe tawakonza, chifukwa kulakwitsa konse kumayambira pamenepa. Petulo amatha chifukwa injini imamuwotcha, koma gasi wa eyakoni sawotchedwa ndipo palibe chimene chimamudya. Iye amangozungulira m'mapaipi otsekeka, kuchoka mu kompuresa, pampu imene imamupanikiza, kupita mu kondensa, kachipangizo kotaya kutentha kamene kali kutsogolo kwa radiyeta, kenako kulowa m'kabokosi kozizira kamene kali kuseri kwa dashibodi, n'kubwereranso kumene anachokera. Ngati wachepa kwambiri m'nyengo imodzi, ndiye kuti penapake pabooka kapena kamphira kena kauma, ndipo gasiyo wakwera m'mlengalenga.

Ine ndinaphunzira zimenezi mochedwa, nditataya kale ndalama. Chaka china ndinathiritsa gasi katatu m'chilimwe chimodzi pa galaja ina, ndipo ulendo uliwonse galimoto inkazizira bwino kwa milungu itatu kapena inayi n'kuyambiranso kutulutsa mphepo yofunda. Ulendo wachinayi ndinapita kwa bambo wina wachikulire amene amakonza mafiriji ndi maeyakoni, ndipo iwo sanakhudze n'komwe silinda ya gasi. Anatenga tochi, anagwada kutsogolo kwa galimoto, n'kundiitana kuti, "Bambo, tabwerani muone apa." Pakona ya m'munsi ya kondensa panali kamalo kakuda, konyowa ndi oyilo, kamene fumbi lofiira la msewu wa ku Chamama linamatirirapo n'kupanga chikhakha, pamene mbali ina yonse inali youma. Mwala unagunda pamenepo n'kusiya kabowo kosakwana nsonga ya singano. Anandiuza kuti gasi amayenda limodzi ndi oyilo wa kompuresa, kotero pamene gasi akuthawira, oyilo amasiyapo chizindikiro. Magasi onse atatu amene ndinalipira aja anatulukira pa kabowo kameneko.

Kuti mumvetse kukula kwa nkhaniyi, muyenera kudziwa mtundu wa gasi amene ali m'galimoto yanu, ndipo imeneyi ndiyo ntchito yoyamba. Tsegulani boneti ndipo muyang'ane kasitika kamene kamamatidwa kunsi kwa bonetiyo kapena pachitsulo cha pamwamba pa radiyeta. Pakasitikapo pamalembedwa dzina la gasi, kulemera kwake m'magalamu, ndipo kawirikawiri mtundu wa oyilo wa kompuresa. Magalimoto ambiri amene timayendera kuno, monga Sienta, Probox, Vitz, Passo ndi ma Hilux, anachokera ku Japan kapena ku South Africa atagwirako kale ntchito, ndipo ambiri mwa iwo mudzapeza palembedwa HFC-134a kapena R-134a, amene ndi gasi mmodzi yemweyo. Galimoto yaing'ono imanyamula gasi pafupifupi theka la kilogalamu, pamene yaikulu yokhala ndi eyakoni yakumbuyo imatha kupitirira pamenepo.

Gasi wa R-134a ameneyu akathawira m'mlengalenga amagwira kutentha kwa dziko mwamphamvu yoposa ya mpweya wa kaboni umene umatuluka mu ekizozi maulendo 1,430, tikawerengera pa zaka 100, ndipo amakhala m'mwambamo zaka pafupifupi 14 asanaphwanyike. Chiwerengerochi sichimveka bwino mpaka mutachiika pa galimoto yanu. Theka la kilogalamu ya gasiyu likathawa, kuwononga kwake n'kofanana ndi makilogalamu 715 a mpweya wa kaboni. Lita imodzi ya petulo ikapsa imatulutsa makilogalamu pafupifupi 2.3, kutanthauza kuti gasi wothawayo akufanana ndi malita oposa 300 a petulo. Galimoto yoyenda makilomita 12 pa lita imodzi ingapite ku Lilongwe n'kubwerera ku Kasungu maulendo pafupifupi 14 ndi petulo ameneyo. Makaniko akakanikiza valuvu ndi sikuludiraiva n'kulola gasi kutuluka ndi mluzu kwa mphindi ziwiri kuti ayambe ntchito, maulendo 14 aja amakhala atapita m'mwamba galimoto isanasunthe n'komwe.

Magalimoto akale kwambiri, opangidwa chisanafike chaka cha 1994 kapena chapomwepo, ankagwiritsa ntchito gasi wa R-12, amene anali woipa kuwirikiza: amagwira kutentha maulendo pafupifupi 10,900 kuposa mpweya wa kaboni, amakhala m'mlengalenga zaka pafupifupi 100, komanso amang'amba chophimba cha ozoni chimene chimatitchinjiriza ku cheza choopsa cha dzuwa. Pangano la ku Montreal la 1987 ndilo linathetsa gasi ameneyu, ndipo R-134a anabwera m'malo mwake chifukwa iye sawononga ozoni. Vuto la kutentha lokha ndilo linatsala, n'chifukwa chake mu Okutobala 2016 mayiko anakumana ku Kigali, m'dziko la Rwanda, n'kuwonjezera pa panganolo ndondomeko yochepetsa magasi a mtundu wa HFC, monga R-134a. Dziko la Malawi linavomereza ndondomekoyi mu 2017. Gulu la mayiko limene ife tilimo linagwirizana kuti kuyambira 2024 kagwiritsidwe ntchito ka magasiwa kasakwerenso, katsike ndi magawo 10 pa 100 alionse pofika 2029, ndipo katsike ndi magawo 80 pofika 2045. Ine ndikuona kuti zimenezi zidzafika mpaka pa galaja ya kuseri kwa depoti, chifukwa gasi yense timachita kuitanitsa kunja ndi ndalama zakunja, ndipo chinthu chimene dziko lonse lapansi likuchichepetsa sichitsika mtengo.

Ngati galimoto yanu ndi ya zaka zaposachedwa, makamaka yochokera ku Ulaya, pakasitika paja mungapeze palembedwa R-1234yf kapena HFO-1234yf. Mayiko a European Union analetsa gasi wogwira kutentha maulendo oposa 150 kuposa mpweya wa kaboni m'magalimoto ang'onoang'ono onse atsopano kuyambira pa 1 Januwale 2017, ndipo makampani ambiri anasankha gasi ameneyu, amene amaphwanyika m'mlengalenga pasanathe milungu iwiri ndipo mphamvu yake yogwira kutentha siisiyana kwenikweni ndi ya mpweya wa kaboni. Ndi wokwera mtengo kwambiri kuposa R-134a, amatha kuyaka pang'ono akakumana ndi moto, ndipo akaphwanyika amasiya asidi wotchedwa TFA amene amakhalitsa m'madzi, choncho nayenso si woti azitayidwa chisawawa. Timilomo tothirira gasi pa galimoto yotere anatipanga mosiyana dala ndi ta R-134a kuti magasi awiriwa asasakanizidwe. Wina akakuuzani kuti ali ndi kachitsulo kolumikizira kuti athire R-134a wotchipa m'galimoto ya R-1234yf, mukane, chifukwa mukhala mwabweza galimoto yabwino ku gasi woipa kuwirikiza maulendo oposa chikwi, ndipo makaniko wotsatira sadzadziwanso chimene chili m'mapaipimo.

Mukadziwa mtundu wa gasi, musathamangire kuthiritsa wina, chifukwa si eyakoni iliyonse yosazizira imene yathawitsa gasi. Lizani injini, yatsani eyakoni, ndipo mumvetsere ngati kompuresa ikugwira, zimene pa magalimoto ambiri zimamveka ndi kaphokoso kakuti "tha" ndipo pakati pa pule pamayamba kuzungulira limodzi ndi lamba. Onani ngati fani ya kutsogolo ikuzungulira. Yang'anani fyuzi, ndiponso tulutsani sefa ya mphepo ya m'kati imene nthawi zambiri imakhala kuseri kwa kabokosi koika mapepala kutsogolo kwa mpando wa pasenjala. M'misewu yathu yafumbi ya ku Santhe, Wimbe kapena yolowera kumaesiteti a fodya, sefa imeneyi imatsekeka msanga ndi fumbi ndi timasamba, ndipo mphepo imafooka ngakhale gasi ali wokwanira bwinobwino. Kondensa nayo imadzaza matope, udzu ndi tizilombo, ndipo kuitsuka mofatsa ndi madzi osathamanga kwambiri, kuti timapepala take tachitsulo tisapindike, kumabwezeretsa kuzizira popanda kukhudza gasi.

Zonsezi zikakhala bwino koma mageji a makaniko akusonyeza kuti gasi ndi wochepa, ndiye yafika nthawi yofunafuna pothawira, ndipo apa ndi pamene muyenera kuumirira, ngakhale makanikoyo atakuuzani kuti kuthira n'kwachangu. Yambani ndi maso, monga anachitira bambo aja: tsatirani mapaipi onse kufunafuna malo onyowa ndi oyilo amene fumbi lamatirira. Malo okayikitsa kwambiri ndi kondensa chifukwa imalandira miyala, polumikizira mapaipi pamene pali timphira tozungulira, pamene paipi ya mphira ikumana ndi ya chitsulo, kutsogolo kwa kompuresa kuseri kwa pule, ndiponso timavaluvu ta pa timilomo tothirira gasi. Titsekerero tapulasitiki ta pa timilomoto, tolembedwa L ndi H, si tokongoletsa ayi, popeza m'kati mwake muli kamphira kamene kamathandiza kutsekereza gasi, ndipo ngati tinasowa mugule tina. Madzi a sopo opaka pa malo okayikitsa amatulutsa thovu ngati m'mapaipi mudakali mphamvu. Amakaniko okhala ndi zida amathira utoto wapadera umene umawala ukaunikidwa ndi tochi ya UV, kapena amagwiritsa ntchito kachipangizo konunkhiza gasi kamene kamalira kakafika pobooka. Pobooka povuta kupeza ndi m'kabokosi ka kuseri kwa dashibodi, ndipo chizindikiro chake nthawi zina chimakhala oyilo kapena utoto uja m'madzi amene amadontha pansi pa galimoto eyakoni ikamagwira ntchito.

Ngati m'mapaipi mulibiretu kanthu, njira yoyenera yoyesera ndi kupopera mpweya wouma wa naitirojeni n'kuona ngati geji ikutsika. Makaniko asathire gasi watsopano kuti angoyesera pothawira, chifukwa kumeneko n'kutaya gasi mwadala. Asagwiritsenso ntchito mpweya wa kompuresa yopopera matayala, umene umalowetsa chinyontho, ndipo koposa zonse asayerekeze kugwiritsa ntchito okosijeni wa silinda yowotcherera zitsulo, chifukwa okosijeni akakumana ndi oyilo pa mphamvu yaikulu amaphulika ndipo angaphe munthu pomwepo.

Pobooka pakapezeka, funso lofunika kwambiri kwa makaniko ndi lakuti, "Gasi amene watsalamo mumuchotsa bwanji?" Yankho loyenera ndi lakuti amukoka ndi makina okokera gasi n'kumusunga mu silinda yapadera, kuti akasefedwa abwezeredwe m'galimoto kapena agwire ntchito ina. Ndikudziwa kuti si galaja iliyonse ya kuno imene ili ndi makina amenewa, ndipo sindikunyoza amisiri athu amene amagwira ntchito ndi zida zochepa zimene angakwanitse. Komabe amisiri ena a mafiriji, makamaka amene anaphunzira ntchitoyi m'sukulu zaluso kapena anachita nawo maphunziro a kasamalidwe ka magasi, ali nawo, ndipo kufunsafunsa tsiku limodzi kapena kudikira ulendo wanu wa ku Lilongwe si chinthu chachikulu poyerekeza ndi zimene zimatayika. Nthambi ya boma yoona za chilengedwe ili ndi ofesi yoyang'anira za ozoni ndi magasi oziziritsira, ndipo ofesi ya zachilengedwe ya pa khonsolo ya boma ndi malo abwino oyambira kufunsa. Eni magalimoto tikamafunsa funso limeneli kawirikawiri, amakaniko adzaona kuti kugula makinawo kuli ndi phindu. Funsoli mulifunsenso pamene ntchito si ya eyakoni n'komwe, monga potsitsa injini, posintha radiyeta kapena powongola galimoto imene yachita ngozi, chifukwa nthawi zambiri mapaipi amamasulidwa pa ntchito zoterezi popanda mwini wake kuuzidwa. Kawirikawiri kompuresa imatheka kuimasula pa injini n'kuimangirira pambali mapaipi ake ali chilumikizire.

Chowonongekacho chikasinthidwa, timphira tonse ta pamalo amene amasulidwa tisinthidwenso ndi tatsopano toyenera eyakoni, topakidwa oyilo wa kompuresa pang'ono, osati timphira ta mipope ya madzi. Ngati mapaipi anakhala otsegula kwa masiku, kabotolo koumitsa chinyontho kamene amakaniko amakatcha diraya kasinthidwe, chifukwa kamakhala katakhuta kale chinyontho cha mumpweya. Kenako pabwere ntchito imene ambiri amaidumpha, yomwe ndi kukoka mpweya wonse ndi pampu ya vakyumu kwa mphindi zosachepera 30. Mpweya ukakokedwa chotere, madzi otsalira m'mapaipi amawira ngakhale popanda moto n'kutuluka ngati nthunzi. Chinyontho chikasiyidwa chimaundana pa kavaluvu kopanikiza gasi n'kutseka njira, komanso chimasakanikirana ndi oyilo n'kupanga asidi amene amadya mapaipi a aluminiyamu kuchokera m'kati, ndipo pakapita miyezi kubooka kwina kumayamba. Pampu ikazimitsidwa, mudikire mphindi 10 kapena 15 mukuyang'ana geji limodzi ndi makanikoyo. Muvi ukayamba kubwerera, ndiye kuti pobooka padakalipo ndipo gasi asathiridwe.

Pothira, silinda ikhale pa sikelo, ndipo alowe magalamu amene alembedwa pa kasitika kaja, osati kungoyerekeza ndi dzanja pa paipi kapena kuyang'ana geji yokha. Gasi wochuluka kuposa muyezo saziziritsa kwambiri monga ena amaganizira, koma amakweza mphamvu m'mapaipi, amalemetsa kompuresa, amawonjezera kamwedwe ka mafuta ndipo amafulumizitsa kuphulika kwa timphira. Gasi wochepa nayenso amalepheretsa oyilo kuzungulira bwino ndipo kompuresa imatha kupsa. Muonetsetse dzina lolembedwa pa silinda kapena pa kachitini, chifukwa ndamvapo za anthu othira R-22 wa maeyakoni a m'nyumba, R-600a wa mafiriji, ngakhale gasi wophikira, ponena kuti onse amaziziritsa. R-22 ali ndi mphamvu yaikulu kuposa imene mapaipi a galimoto anapangidwira ndipo amawononga ozoni, pamene R-600a ndi gasi wophikira amayaka ngati petulo, ndipo kondensa ndiyo imayamba kuphwanyika galimoto ikawomba kutsogolo. Palinso gasi wachinyengo wolembedwa R-134a koma wosakanizidwa ndi mankhwala ena, ndipo mu 2011 gasi wotere anaphulitsa makontena oziziritsa katundu m'madoko a ku Vietnam ndi ku Brazil n'kupha amisiri. Gasi wotchipa modabwitsa, wa m'silinda yopanda dzina la kampani yoipanga, ndi wofunika kumukana. Wothirayo avale magalasi ndi magolovesi, popeza R-134a amawira pa madigiri 26 kunsi kwa ziro ndipo akagwera pakhungu kapena m'maso amawotcha ndi kuzizira, komanso pasakhale wosuta fodya kapena wowotcherera zitsulo pafupi, chifukwa gasiyu akapsa amatulutsa utsi wa poizoni.

Ntchito ikatha, pemphani makanikoyo alembe tsiku, mtundu wa gasi ndi magalamu ake m'kabuku ka galimoto. Eyakoni yokonzedwa bwino imatha zaka zingapo isanafunenso gasi, ngakhale kuti pang'ono pokha amatuluka m'mapaipi a mphira chaka ndi chaka.

Zotsalazo ndi za kayendetsedwe ka tsiku ndi tsiku. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, pamene palibe amene amaganiza za eyakoni, muziiyatsa mphindi 10 pa mlungu, chifukwa oyilo akamazungulira amanyowetsa timphira kuti tisaume n'kung'aluka. Imikani galimoto pamthunzi pakapezeka mtengo, ndipo ngati yakhala padzuwa, tsegulani mawindo kwa mphindi zoyambirira za ulendo kuti mpweya wotentha utuluke musanayatse eyakoni, kenako mutseke n'kudina batani lozunguliza mpweya wa m'kati momwemo. Eyakoni imatenga mphamvu yake ku injini, kotero imawonjezera kamwedwe ka mafuta, makamaka galimoto ikaima kapena ikamayenda pang'onopang'ono m'tauni, ndipo kukhala m'galimoto yoima injini ikulira kwa ola lathunthu podikira munthu ku banki kapena ku msika wa fodya wa Chinkhoma n'kuwotcha petulo wodula popanda kupita kulikonse. M'misewu ya miyala musayandikire kwambiri lole imene ili patsogolo panu, popeza miyala imene matayala ake amaponya imathera pa kondensa yanu.

Wina angafunse ngati zimenezi zili ndi tanthauzo kwa dziko ngati lathu, limene mpweya wake woipa ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa mayiko a mafakitale. Funsoli ndi loona, ndipo udindo waukulu uli kwa iwo. Koma ife ndife amene tinaika maliro a namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, ndipo chaka chotsatira chimanga chinauma m'minda mpaka boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya njala. Mlimi wa kuno amene amadikira mvula yoyamba osadziwanso ngati ibwera mu Novembala kapena kumapeto kwa Disembala sangaone kutentha kwa dziko ngati nkhani ya kutali. Ndiponso magalimoto amene mayiko ena akuwachotsa m'misewu yawo akubwera kuno ndi R-134a wawo m'mapaipi, ndipo kuno ndi kumene adzakalambire, kubooka ndi kuphwasulidwa, kotero gasi wa mayiko amenewo adzatulukira m'manja mwathu.

Pa chifukwa chimenechi, galimoto ikafika pothera, kaya yagubuduzika pa msewu wa ku Nkhotakota kapena injini yafa mwakuti mwaganiza zoigulitsa kwa ophwasula kuti achotse masipeyala, musaiwale kuti m'mapaipi mwake mungakhale mudakali gasi yense. Ophwasula ambiri amangodula mapaipi ndi sowo kuti achotse kompuresa ndi kondensa. Musanaipereke, itanani mmisiri wokhala ndi makina okokera kuti ayeze ndi geji, ndipo ngati gasi alimo amukoke. Mmisiri wodziwa ntchito sangakane, chifukwa theka la kilogalamu la R-134a wosasakanizidwa ndi katundu amene angamusefe n'kumuthira m'galimoto ina, ndipo mungagwirizane kuti gasiyo akhale malipiro a ntchito yake.